Ndalama za ku Joni zimatsikira pa tebulo langa

Ndine ejenti wa ndalama za pafoni pa Ulongwe, m'boma la Balaka, pa msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Mangochi. Katundu wa geni yanga ndi wochepa: kakontena, ambulera, mafoni a mabatani, buku lolembamo ndi kachikwama komwe sikachoka m'chiuno. Anthu ambiri amene amaima pa tebulo langa sadzatapa ndalama zomwe apeza okha kuno. Amadzatapa thukuta la mwana, la mwamuna kapena la mchimwene yemwe ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, komwe tonse timangoti ku Joni.

Pa wailesi timamva kawirikawiri kuti kampani yakutiyakuti yathandiza anthu. Amapereka madesiki pasukulu, matumba a ufa kwa ovutika ndi madzi osefukira, akuluakulu n'kujambulitsa atanyamula cheke chachikulu ngati chitseko. Sindinyoza zimenezo, mwana wokhala pansi desiki amaifuna. Koma ine ndimakhala pomwe ntchito ya makampaniwa imakumana ndi munthu wa kumudzi, ndipo pamenepa thandizo lawo lenileni lili m'zinthu zomwe sizijambulidwa. Kodi ndalama yafika yonse? Kodi agogo aumva uthenga walowa m'foni mwawo? Munthu akaberedwa, alipo woyankha foni ndalamayo isanatapidwe?

Agogo anga aamuna anali m'gulu la anthu omwe ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Ankakonda kusimba za 1974, chaka chomwe ndege yonyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Kamuzu n'kulamula kuti kulemba anthu kuime. Masiku awo ndalama inkabwera ndi mwini wake pobwerera, pamodzi ndi bulangete, wailesi ndi njinga. Mwamuna akatchona, ndiye kuti banja latha popanda wolithetsa.

Mchimwene wanga atapita ku Joni, njira inali ya mabasi ndi matransipota. Ankaika ma rand mu envelopu, kulemba dzina la amayi pamwamba, n'kupatsira kondakitala. Basi imachoka ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, n'kudzalowa m'dziko muno pa Mwanza. Amayi ankalawirira kukwera minibasi ya ku Blantyre kukadikira pa depoti, nthawi zina n'kugona komweko basi ikachedwa pa chipata. Kondakitala ankatengapo gawo lake, minibasi yopita ndi yobwerera inkadyaponso, wosintha ndalama naye chimodzimodzi. Tsiku lina envelopu inafika yopepuka, ndipo yankho linali lakuti apolisi a m'njira anavuta. Mukanakadandaula kwa yani? Lisiti panalibe, mboni panalibe, ndipo ulendo wotsatira munkafunabe munthu yemweyo.

Zinthu zinayamba kusintha kutali ndi kuno. Ku Kenya kampani ya Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007, ndipo mayiko ena ataona kuti anthu opanda akaunti ya kubanki akutumizirana ndalama pa foni ya mabatani, anatengera. Kuno Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013. Kunabweranso makampani olumikiza mayiko, monga Mukuru ndi tinyumba take ta olenji, Mama Money ndi Hello Paisa. Lero mchimwene wanga amalemba pa foni yake ndalama yomwe akufuna kutumiza, amakalipira pa kauntala ya sitolo yoyandikana ndi komwe amakhala, ndipo asanafike kuchipinda kwake foni ya amayi imakhala italira kale.

Anthu akamayamikira zimenezi amakonda kunena za liwiro. Ine chomwe ndinaona kuti chasintha kwambiri ndi kukula kwa ndalama yotumizidwa. Kale munthu ankadikira kuti asonkhanitse zambiri, chifukwa sungavutitse kondakitala ndi R200. Miyezi inkadutsa kumudzi kuli zii. Tsopano mwana akatentha thupi m'mawa, masana ndalama ya kabaza wopita naye kuchipatala yafika. Chinanso n'chakuti ndalamayo ikulowa m'foni ya mkazi mwini wake. Envelopu ija inkadutsa m'manja mwa apongozi kapena amalume, ndipo inkafika kwa mayi wa ana itaonda. Amayi ambiri a m'mabanki m'khonde a kuno amaponya masheya awo ndi ndalama zomwe atapa kwa ine, ndipo ena amasiyako pang'ono m'foni kuti abale asazione. Palibe mwambo uliwonse womwe unachitika popereka zimenezi, palibe anavina, koma mabanja ambiri a kuno akuima chifukwa cha izo.

Tsopano ndinene za floti ndi kashi, chifukwa ndi pomwe makasitomala amatikwiyira osadziwa chomwe chikuchitika, komanso ndi pomwe ofuna kuyamba geni imeneyi amagwera. Ejenti amakhala ndi ndalama ziwiri. Floti ndi yomwe ili m'foni yake, kashi ndi yomwe ili m'chikwama. Mukadzatapa K50,000, ine ndimakupatsani mapepala, ndalama yanu ya m'foni n'kulowa m'foni mwanga. Mukadzaika, zimayenda mosemphanitsa. M'tauni oika ndi otapa amasinthana tsiku lonse, ndiye ndalama imazungulira yokha. Kuno ambiri ndi otapa. Pofika masana a tsiku la msika foni yanga imakhala yodzaza, chikwama chili pululu. Ndikati "kashi yatha mayi", munthu amaona ngati ndikumukaniza dala, pomwe iye wayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo ndipo uthenga uli m'foni mwake ukunena kuti ndalama ali nayo.

Kuti ndipeze kashi ndinkatseka kontena, kukwera minibasi ya ku Liwonde kapena ku Mangochi, kukaima pa mzere kubanki, n'kubwerera ndi mapepala m'chiuno, maso ali uku ndi uku. Theka la tsiku lapita, komishoni ya tsikulo yadyedwa ndi minibasi. Mafuta atayamba kusowa m'dziko muno ulendo womwewo unkakwera mtengo osachenjeza. Chomwe chinandipulumutsa ndi mgwirizano ndi bambo ena a holoselo pa msika pomwe pano. Iwo madzulo amakhala ndi kashi yambiri ya malonda a tsikulo ndipo amaopa kugona nayo, komanso amafuna ndalama ya m'foni yolipirira katundu ku Limbe. Ine ndili ndi zosemphana ndi zawo. Timasinthana, aliyense n'kulemba m'buku lake. Ngati mukufuna kuyamba uejenti kumudzi, pezani kaye munthu wotere musanapente kontena, ndipo mpamba wanu muugawe pawiri kuyambira tsiku loyamba. Musatengepo ya ndiwo mukuti mubweza mawa, chifukwa komishoni imabwera pang'onopang'ono ndipo mpamba ukabooka subwerera msanga.

Nyengo zovuta n'zodziwika: kumapeto kwa mwezi, sukulu zikamatsegulidwa, mvula ikamayandikira anthu akufuna fetereza, ndi masiku a Ramadan kulowera ku Eid, pamene ana a ku Joni amakumbukira makolo onse nthawi imodzi. Ngati ine ndikuidziwa kalendala imeneyi, makampani omwe makompyuta awo amawerenga ndalama iliyonse yodutsa akuidziwa kuposa ine. Palibe chowaletsa kufikitsa kashi m'misika ya kumudzi pa masiku amenewo, kapena kulumikizitsa maejenti ndi eni maholoselo m'malo moti aliyense adzifunire yekha. Chingathandize kuposa pamenepo ndi kuti ndalama ya m'foni izigula zinthu osatapidwa. Mayunitsi a ESCOM anthu anazolowera kale kugula pafoni. Koma pitani kwa wogulitsa chimanga munene kuti mulipira pafoni, akuuzani kuti muonjezere ya kutapira. Bola kukadakhala kuti wamalonda wamng'ono saluza kanthu polandira ndalama ya m'foni, mzere wa pa tebulo langa ukanafupika, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti komishoni yanga ndi yomwe ingachepe.

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Chilobwe, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kupha anthu oposa 1,000, ntchito ya pa tebulo langa inatembenuka. Kwa masiku angapo otumiza anachuluka kuposa otapa. Magulu a pa WhatsApp a mipingo, a mizikiti ndi a Amalawi a kunja ankasonkha, ndalama n'kumayenda usiku ndi usana. Azakhali anga a ku Phalombe analandira yawo m'foni mwachangu, koma anakhala nayo masiku osagula nayo ngakhale mchere. Ejenti wa kwawo nayenso anali pa msasa, milatho itaduka, kashi kulibe, magetsi atathima, netiweki ikubwera ndi kuthawa. Kampani ya mafoni yofuna kuthandiza pa ngozi yotere iyambe ndi mafuta a jenereta pa nsanja ya netiweki, ichotse machaji kwa anthu a m'madera okhudzidwa, ifikitse kashi pa misasa. Ufa angathe kupereka ena ambiri, koma izi palibe wina angazichite.

Kwa inu a ku Joni, funso loyenera kufunsa musanatumize ndi ili: amayi alandira makwacha angati m'manja? Ndalama yanu imadulidwa malo atatu. Pali chaji yotumizira, yomwe mumaiona. Pali mtengo wosinthira rand kukhala kwacha, womwe ambiri sauyang'ana, chonsecho ndi pomwe pamabisala ndalama yambiri. Ndiye pali chaji yotapira kuno ngati ndalamayo yalowa m'foni. Kampani ina imalengeza chaji yotsika koma mtengo wake wosinthira uli wofooka, ndipo mukawerengera mupeza kuti yodula ndi yomweyo. Yerekezani ziwiri kapena zitatu tsiku lomwelo, ndi ndalama yofanana, muone nambala yomaliza. Mayiko a mu United Nations anagwirizana mu 2015 kuti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kumudzi kuchokera kunja usapose 3 peresenti, koma malipoti a World Bank akhala akuonetsa kuti njira zochoka ku South Africa kupita ku mayiko oyandikana nawo ndi zina mwa zodula kwambiri pa dziko lonse. Odulidwawo ndi anthu otsuka magalimoto, olima m'magadeni ndi ogwira ntchito za m'nyumba. Ndalama yaing'ono imeneyi anthu amaimva kuwawa. Mu 2019 boma litaganiza zoika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni, anthu anakuwa mpaka ganizolo linabwezedwa.

Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola n'kufika pafupifupi K1,700 kubanki, mtengo wa kwa mavenda a ndalama sunasiye kuthawa wa kubanki. Apa anthu ambiri anabwerera ku njira za mseri, koma zovala malaya atsopano. Munthu wa ku Joni amalandira ma rand anu, mnzake wa kuno n'kutumiza makwacha m'foni ya abale anu pa mtengo wokoma kuposa wa kampani. Sindinama, makwacha amachulukadi, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amapita kumeneko. Koma ndi envelopu ya kondakitala yomwe ija. Si njira yovomerezeka ndi malamulo, lisiti palibe, ndipo ndaonapo amayi akubwera pa tebulo langa m'mawa ndi madzulo kudzafunsa ngati yalowa, nambala ya munthuyo itasiya kupezeka. Vuto la ndalama zakunja ndi la boma ndi Reserve Bank, kampani siingalithetse. Chomwe kampani ingachite ndi kuonetsa mtengo wake poyera, m'chinenero chomwe wotumiza amamva, ndi kuchepetsa zomwe ikudulapo kuti kusiyanako kusakhale kokopa chonchi.

Nkhani yomwe imandiwawa kwambiri ndi ya akuba a pafoni. Tsiku lina kunabwera mayi ena, kasitomala wanga wakale, foni ili kukhutu, thukuta lili kamukamu. Anandipatsa K80,000 ndi kapepala ka nambala, akuti ndifulumire. M'fonimo ndinkamva mawu a mwamuna akuwauza kuti asadule.

"Mayi, mukutumizira ndani?"

"A transipota. Akuti bambo a ana atumiza firiji ndi sola, galimoto yaimitsidwa pa Mwanza, akufuna ya kasitomu isanakwane 12 koloko."

"Bambowo mwalankhula nawo?"

"Ayi, koma akuwadziwa. Atchula dzina lawo, atchulanso mudzi wathu."

Ndinawapempha kuti adule kaye, ndipo anandiyang'ana mokwiya poganiza kuti firiji ibwerera chifukwa cha ine. Tinaimbira amuna awo pa WhatsApp ndi foni yanga. Anayankha ali kuntchito, madzi akumveka kuwaza, ndipo mawu awo oyamba anali oti, "Firiji yanji?" Mayiwo anakhala pa benchi osalankhula, kenaka anakulunga ndalama yawo pa nsonga ya chitenje. Inali ya katapila, anakongola m'mawa womwewo.

Akubawa njira yawo ndi imodzi ngakhale nkhani zimasintha. Amakuthamangitsani kuti musapeze mpata wofunsa munthu wina. Lero ndi katundu wa pa Mwanza, mawa mwana wanu wakomoka kusukulu, mkuja mwawina mphoto pa mpikisano womwe simunalowe. Ina yofala ndi uthenga wooneka ngati ndalama yalowa, kenaka munthu akuimba akulira kuti walakwitsa nambala, mumubwezere. Musabweze kanthu musanaone nokha ndalama zomwe zili mu akaunti, pa *211# ngati muli pa Airtel Money, pa *444# ngati muli pa Mpamba. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, osati nambala ya munthu. Ifenso maejenti amatiimbira akunamizira kuti ndi a kulikulu akukonza akaunti, tidine manambala akutiakuti. Wogwira ntchito ku kampani safunsa nambala yachinsinsi, ndipo wofunsa ndi mbava basi.

Anthu amadabwa kuti akubawa mayina amawatenga kuti. Ena amawatola pa Facebook, pa mauthenga a maliro ndi a ukwati pomwe timalemba mayina, midzi ndi manambala. Ena amawatola pa matebulo athu omwe. Buku la ejenti limakhala ndi nambala, dzina ndi ndalama ya aliyense, ndipo pa kontena sipasowa anyamata ongokhala. Ine ndinasiya kutchula mokweza dzina ndi ndalama ya kasitomala, ndipo tsamba la buku ndimaliphimba munthu akamasaina. Chinanso, musalole kulembetsa simu khadi ya munthu wina ndi chiphaso chanu, ngakhale akupatseni ya sopo. Bungwe la boma la NRB linalembetsa Amalawi ziphaso za unzika mu 2017, bungwe loyang'anira za mafoni la MACRA n'kulamula mu 2018 kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo tinkaganiza kuti umbava watha. Akuba anangoyamba kugwiritsa ntchito ziphaso za anthu osauka, moti apolisi akalondola nambala amakapeza agogo a kumudzi omwe sadziwa kanthu.

Apa makampani ali ndi ngongole. Kasitomala wanga wina ataberedwa tinaimba ku kampani nthawi yomweyo, ndalama ikadali yotentha. Tinamvera nyimbo, tinadina manambala omwe mawu ojambulidwa ankatiuza, foni inaduka, tinayambiranso. Pomwe munthu anayankha, ndalama inali itatapidwa kale kutali. Sabata yotsatira nambala yomweyo inaimbira munthu wina wa pa msika pano. Ndalama yobedwa imatapidwa m'mphindi zochepa, ndiye payenera kukhala nambala yapadera ya oberedwa okha, yoyankhidwa ndi munthu wokhala ndi mphamvu yoimitsa ndalamayo pompo. Nambala yomwe anthu angapo aidandaula isagone ikugwirabe ntchito. Kuti zotheka zilipo ndikudziwa, chifukwa kanthu kamodzi kakang'ono kanasintha zambiri: masiku ano dzina la wolandira limaoneka musanatsimikize kutumiza. Kale munthu akalakwitsa nambala imodzi, ndalama ya mbuzi yonse inkapita kwa mlendo. Tsopano ndimatembenuza foni kuti kasitomala aone dzinalo kapena ndimamunong'oneza, avomere yekha.

Ndiye pali agogo. Ali ndi foni ya mabatani yomwe mdzukulu anawatumizira, yomangidwa ndi mphira. Amafika, amandipatsa foni yonse, n'kutsegula kumbuyo kwake pomwe pali kapepala kopindidwa pamwamba pa batire.

"Mwanangu, nambala ija ndi imeneyo. Undionere ngati zabwera."

Nambala yachinsinsi ili m'manja mwanga, ndipo dzulo inali m'manja mwa mdzukulu wina yemwe anawatchajira foni. Ambiri amaika chaka chawo chobadwa, chomwe chalembedwa pa chiphaso chomwe chili m'kachikwama komweko. Ndimayesetsa kuwaphunzitsa kudina okha ine nditayang'ana kumbali, ndipo ena amatha, makamaka tikasankha manambala oyenda mwa dongosolo lomwe chala chingakumbukire. Koma ena maso anafooka, ena sukulu sanapiteko, ndipo mauthenga ambiri otsimikizira omwe amandionetsa amakhala m'Chingerezi. Kuno ambiri chinenero cha pakhomo ndi Chiyao. Agogo otere ndalama yawo imadalira chilungamo cha aliyense wogwira foniyo, ndipo si maejenti onse kapena adzukulu onse omwe ali nacho. Ngati muli kunja ndipo mumatumizira okalamba, muziwaimbira n'kuwauza ndi pakamwa ndalama yomwe mwatumiza ndi yomwe ayenera kulandira akachotsa yotapira. Kungotero kumatseka mabowo ambiri.

Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti yankho lake linayesedwa kale m'boma lathu lomwe lino. Chipatala cha pa Foni chinayambira ku Balaka mu 2011, bungwe la VillageReach likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo, kenaka chinafalikira dziko lonse, ndipo munthu wa pa Airtel ankaimba 54747 kwaulere. Mng'ono wanga ali woyembekezera ankaimba kumeneko, kulankhula ndi munthu m'chinenero chake, osafunika kuwerenga kanthu. Ngati za uchembere zinatheka ndi mawu, n'chifukwa chiyani agogo sangaimbe nambala n'kumva mawu akuwauza m'Chichewa kapena m'Chiyao kuti m'foni mwawo muli zakuti? M'malo mwake zatsopano zambiri zimayambira pa app, yomwe imafuna foni yodula, bandulo ndi magetsi otchajira. Okonza zinthuzi amakhala m'maofesi a kutali, ena kunja kwa dziko lino, ndipo ndimakhulupirira kuti si anthu oipa mtima. Kungoti sanakhalepo pa benchi ngati langali tsiku la msika.

Sindingabise kuti njira yomwe imabweretsa ndalama ndi yomwenso ikuichotsa. Kubetcha kunalowa m'foni. Anyamata omwe kale ankayenera kupita ku shopu ya mpira tsopano amabetcha ali pa mphasa, ndipo kandege, masewero obetcha a pafoni, kakudya ndalama usiku anthu ali mtulo. Ndimawadziwa ndi mmene amaikira: K1,000 m'mawa, K2,000 masana, madzulo abweranso nkhope itagwa akufunsa ngati ndingawaikire abweza mawa. Ena ndalama yomwe akuika ndi ya fizi yomwe mlongo wawo watumiza kuchokera ku Cape Town, yomwe inalowa m'foni mwawo chifukwa amayi alibe foni. Ine komishoni ndimalandira pa ndalama imeneyonso, ndipo sizindikomera. Kampani yomwe ikutha kuona kuti nambala yakuti yatumiza ku kubetcha maulendo ambirimbiri usiku umodzi ingathe kupatsa munthu njira yodziikira malire kapena yodzitsekera, yosatseguka msanga mtima ukatentha. Pakadali pano chomwe ndimalangiza otumiza ndi chakuti fizi azilipira molunjika kusukulu ngati sukuluyo ili ndi akaunti, ndipo amayi awagulire foni yawoyawo ngakhale ya mabatani.

Chomaliza chomwe anthu saganizira ndi imfa. Mlamu wanga anamwalira mwadzidzidzi ali ndi ndalama ya fetereza m'foni, nambala yachinsinsi osauza aliyense. Achibale ena ankafuna kuyesa manambala, ndinawaletsa, chifukwa mukalakwitsa kangapo akaunti imatsekeka, komanso kutapa ndalama ya womwalira mwamseri kumadzetsa milandu pa banja. Njira yake ndi yopita ku ofesi ya kampani ndi chiphaso cha womwalirayo, kalata ya imfa ndi makalata otsimikizira kuti ndinu woyenera kulandira, omwe kwa ife anayambira kwa amfumu mpaka kwa DC. Mkazi wake anayenda maulendo a ku boma mpaka mvula inagwa, ndipo gawo lina la ndalamayo linathera m'minibasi. Simu khadi ya womwalira musaitaye kapena kuipereka kwa mwana, ndipo musachedwe kuyamba kuyendetsa mapepala, chifukwa nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa n'kudzapatsidwa munthu wina. Kubanki, pa fomu yotsegulira akaunti, anandifunsa dzina la wachibale woti adzamufune ine ndikadzamwalira. Polembetsa simu khadi zanga zonse, zomwe zimasunga ndalama zambiri kuposa akaunti ya kubankiyo, palibe anandifunsapo funso limenelo.